Lipoti la msonkhano wa ku Chipata wokhudza filosofi ndi chikhulupiriro

Abusa, akulu a mpingo, amayi a chigwirizano ndi achinyamata, ndabwerako ku Chipata kumene munandituma. Msonkhano unali wa masiku awiri.

Ndisakubisireni, pokwera basi pa Katete ndinali ndi vesi langa lokonzeratu, Akolose 2:8, pamene Paulo akuchenjeza kuti wina asatikole ndi nzeru za anthu ndi chinyengo chopanda pake. Kwa ine filosofi, kufufuza choonadi ndi nzeru za anthu, inali msampha basi. Otiphunzitsa, abusa ena achikulire opuma pa ntchito, anayambira pa vesi lomwelo, kenaka anatitsegulitsa Machitidwe 17. Paulo yemweyo, ali ku Athens, anakambirana ndi Aepikureya ndi Asitoiki, magulu awiri a anthu a filosofi, mpaka kutchula mawu a alakatuli awo. Ena anamuseka atamva za kuuka kwa akufa, koma Dionysius ndi mayi wina dzina lake Damaris anakhulupirira.

Za Agiriki tinangodutsamo. Socrates anaphedwa pomwetsedwa chiphe mu 399 B.C., atamuimba mlandu wosokoneza achinyamata ndi mafunso ake. Iye anaphunzitsa Plato, Plato n'kuphunzitsa Aristotle.

Chomwe chinanditsegula maso n'chakuti mkanganowu ndi wakale, ndipo unakolera kuno ku Africa. Tertullian, mlembi wachikhristu wa ku Carthage, kumene lero ndi Tunisia, anafunsa kuti Athens ndi Yerusalemu, ndiye kuti filosofi ndi chikhulupiriro, akugwirizana pati. Uyu ndiye anali wa mbali yanga. Koma Augustine, wobadwa mu 354 ku Thagaste, m'dziko la Algeria lero, anayenda njira ina. Anasochera zaka zambiri, mayi ake Monica akumulirira m'mapemphero. Mabuku a otsatira Plato ndi amene anamuchotsa pa ganizo lakuti Mulungu ali ndi thupi ngati chinthu chokhudzika. Iye mwini anati m'mabukumo anapezamo zakuti pachiyambi panali Mawu, koma zakuti Mawu anasandulika thupi sanazipezemo. Izo anazipeza m'Malemba. Anamwalira mu 430 ali bishopu wa ku Hippo.

Za Thomas Aquinas, wansembe wa ku Italy amene anamwalira mu 1274, zinabwera titangodya nsima, dzuwa lili pamutu. Ndinagwirapo chimodzi chokha, chakuti anagwiritsa ntchito nzeru za Aristotle pofotokoza za Mulungu.

Tsiku lachiwiri ndiye kunatentha. Otiphunzitsa atatchula John Mbiti, m'busa ndi katswiri wa filosofi wa ku Kenya, amene mu 1969 analemba kuti munthu alipo chifukwa cha anzake, mayi wina wa ku Chadiza anadzuka n'kunena kuti zimenezo agogo ake ankazidziwa amishoni asanafike pa Magwero mu 1899. "Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu," anatero, anthu n'kuwomba m'manja. Wina anakumbutsa za Humanism, chiphunzitso cha umunthu cha a Kaunda. Koma mkulu wa mpingo wa ku Petauke anafunsa kuti umunthu womwewo umakhala kuti mudzi wonse ukagwirizana kupirikitsa nkhalamba poiganizira ufiti. M'chipindamo munati zii. Sitinamange mfundo. Ine ndikuona kuti mkuluyo analasa pamene pali bala: umunthu wathu ndi nzeru yeniyeni, koma nawonso uyenera kuyesedwa ndi Mawu monga Augustine anayesera za Plato.

Zopempha zanga ndi ziwiri. Ana athu akuchokera ku Giredi 12 ndi ku makoleji ali ndi mafunso: ngati Mulungu ndi wabwino, n'chifukwa chiyani mvula inakana, chimanga n'kupserera m'munda? Ife timawakhalitsa chete, ndipo ine ndachitapo zimenezi kwa mwana wanga yemwe. Ndikupempha kuti Lamulungu limodzi pa mwezi, mapemphero akatha, tizikhala nawo pansi kumva mafunsowo, abusa akutitsogolera. Chachiwiri, ulendo wina mutume anthu awiri, mmodzi akhale wachinyamata.

Mapepala a phunziro ndawasiya kwa alembi. Ndalama yotsala ya ulendo ndi malisiti ndipereka kwa asungichuma Loweruka.