Kalata kwa achemwali ku Manchester: amayi otsekeredwa opanda mlandu

Zomba

Achemwali anga okondedwa,

Landirani moni kuchokera kuno ku Zomba. Ife tili bwino, ana akupita kusukulu, ndipo chimanga chamera ngakhale mvula inayamba mozengereza. Ndikhulupirira nanunso muli bwino pamodzi ndi alamu anga, ngakhale mukuti kumeneko dzuwa likumalowa anthu asanaweruke n'komwe.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa zimene munanena pa WhatsApp zija si zoyankha ndi mawu awiri. Munati mukumakumana ndi anthu a zionetsero m'tauni atanyamula zithunzi za amayi a ku Palestine amene ali m'ndende za ku Israel, ndiye munamaliza n'kuti boma silingangotola munthu wosalakwa, chilipo chimene anachita. Achemwali, pamenepo ndiye tasiyana. Chikhoza kukhalapo, sindikukana. Koma ngati chilipo, bwanji osachitchula?

Nkhani yake imayenda chonchi. Ku West Bank, dera limene asilikali a Israel akhala akulilamulira kuyambira mu 1967, mkulu wa asilikali ali ndi mphamvu yosayina chikalata choti munthu atsekeredwe mpaka miyezi 6 popanda kumutsegulira mlandu. Iwo amati administrative detention, ndipo lamulo lake lili mu Military Order 1651. Miyezi ija ikatha, akhoza kusayinanso ina, kenako inanso, palibe malire. Munthuyo amatengeredwa kwa woweruza, inde, koma woweruzayo ndi msilikali, ndipo umboni umakhala mu fayilo yachinsinsi imene womangidwayo saiona, loya wake saionanso. Loya amaima m'khoti kuteteza munthu pa chinthu chimene iye mwini sanauzidwe. Ngakhale pabwalo la anyakwawa kumudzi kwathu, wakuba mbuzi amauzidwa kuti ndi mbuzi ya uje, inasowa tsiku lakuti, anakuona ndi uje, tayankha. Koma ku West Bank munthu sapatsidwa choti ayankhe, chifukwa chikalatacho sichinena zimene wachita. Chimanena kuti akhoza kudzachita choopsa m'tsogolo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ine ndi nkhani ya tsiku lotulukira. Wogamulidwa zaka zitatu amawerenga masiku, ana ake amawerenga naye. Uyu wa chikalatayu amawerenga mpaka tsiku lomaliza, kunyumba aphika, agula nsalu yatsopano, ndiye madzulo ake kapena m'mawa mwake akumva kuti awonjezera miyezi ina. Ayambirenso kuwerenga, akudziwa kuti nambala imene akuwerengayo ikhoza kukhalanso yabodza.

Taonani za mayi Khalida Jarrar. Amenewa anali phungu, anasankhidwa mu 2006 kulowa m'nyumba ya malamulo ya Palestine, ndipo kale ankatsogolera bungwe loona za akaidi la Addameer. Chipani chawo ndi PFLP, chimene Israel, America ndi mayiko a mu European Union amachiika m'gulu la zigawenga. Ndikunena zimenezi kuti musati ndabisa. Anamangidwa mu 2015, natuluka mu 2016. Mu Julaye 2017 anawatenganso, nakhala miyezi 20 opanda mlandu, chikalata chikungowonjezeredwa, mpaka Febuluwale 2019. Chaka chomwecho, mu Okutobala, asilikali anabweranso. Ulendo umenewu anawagamula zaka ziwiri chifukwa chokhala ndi udindo m'chipani chija. Ali m'ndende choncho, mu Julaye 2021, mwana wawo wamkazi Suha anamwalira mwadzidzidzi. Panali patangotsala miyezi iwiri kuti mayiwa atuluke. Anthu anapempha, mabungwe anachonderera kuti awalole angokaponya dothi, koma boma linakana. Inu mukudziwa mmene munalirira pamene munalephera kupeza ndege yoti mudzafike pa maliro a bambo. Apa ndege sinkafunika, unali ulendo wa pagalimoto wa maola ochepa chabe.

Pa 26 Disembala 2023 anawatenganso, popanda mlandu. Kuyambira mu Ogasiti 2024 anawaika m'chitokosi cha okha ku ndende ya Neve Tirza, kachipinda ka mamita awiri m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi. Kudzera mwa loya, anauza abale awo kuti kutentha kukafika povuta ankagona pansi, mphuno ili pa kampata ka pansi pa chitseko, kuti apumeko mpweya. Anatuluka mu Januwale 2025 pa mgwirizano wosinthana akaidi ndi anthu amene gulu lankhondo la ku Gaza la Hamas linawagwira, m'gulu loyamba la anthu 90, mwa iwo amayi 69. Mukapeza mpata kafufuzeni zithunzi ziwiri pa intaneti, cha asanalowe ndi cha tsiku limenelo. Tsitsi lonse mbuu, thupi latha, akuyenda mochita kugwiriziridwa. Chaka chathunthu chimenecho palibe mlandu umene anawerengeredwa.

Ena aona kuti chida chokha chimene chawatsalira ndi mimba yawo. Hana Shalabi wa m'mudzi wa Burqin, pafupi ndi Jenin, anakhala zaka zopitirira ziwiri opanda mlandu, natuluka mu Okutobala 2011. Patangotha miyezi inayi, mu Febuluwale 2012, anamutenganso. Ananyanyala chakudya masiku 43. Mapeto ake anamutulutsa, koma osati kubwerera kwa makolo ake: anakamusiya ku Gaza kuti akhale kumeneko zaka zitatu. Hiba al-Labadi, nzika ya Jordan, anagwidwa pa mlatho wa m'malire mu Ogasiti 2019 akupita ku ukwati wa wachibale. Nayenso anakana chakudya kwa milungu 6, ndipo anamasulidwa mu Novembala dziko la Jordan litakwiya mpaka kuitanitsa kazembe wake.

Amayi ambiri amasungidwa ku ndende ya Damon, pa phiri la Carmel pafupi ndi Haifa. Phiri lomwe lija la Eliya, limene timaliimba m'tchalitchi. Nyumba zake n'zakalekale, zina zinali zosungiramo fodya. Kungowasunga kumeneko ndi vuto kale, chifukwa pangano lachinayi la Geneva la 1949 limati anthu a m'dera lolandidwa asungidwe m'dera lawo lomwelo. Damon ili m'kati mwa Israel, choncho mayi wa ku Nablus amene akufuna kukaona mwana wake ayenera kupempha chilolezo kwa asilikali omwe anamanga mwanayo. Kupita kukhoti la asilikali ku Ofer nako ndi chilango pachokha. Amakwezedwa m'galimoto imene akaidi amaitcha bosta, ya mipando yachitsulo, manja ndi miyendo zili mu unyolo, ulendo wa maola ambiri chifukwa imazungulira ndende zina, kukafika kukhoti n'kungokhalako mphindi zochepa.

Zimenezi zinalipo kale nkhondo ya ku Gaza isanayambe. Chichokereni pa 7 Okutobala 2023 zinthu zinaipiratu. Tsiku limenelo a Hamas anapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel ndi kugwira ena pafupifupi 250, amayi ndi ana omwe. Zimenezo n'zoipa, ndipo amayi a ku Israel amene anasungidwa m'mauna ku Gaza ndimawalirira chimodzimodzi. Koma mkwiyo wake unagweranso anthu amene anali kale m'ndende tsikulo, amene sakanatha kutengako mbali. Abale analetsedwa kukawaona. A Red Cross, amene ntchito yawo ndi kuyendera akaidi a pankhondo, anatsekeredwa kunja. Chakudya chinachepetsedwa, ndipo nduna yoona za ndende, Itamar Ben-Gvir, sinabise, inkachita kudzitama nazo poyera. Otsekeredwa opanda mlandu, amene anali pafupifupi 1,300 nkhondo isanayambe, anapitirira 3,000 m'chaka chotsatira. Anthu a ku Gaza anawaika pansi pa lamulo lina la mu 2002 lonena za omenya nkhondo osavomerezeka, limene limalola kusunga munthu nthawi yaitali asanaonane ndi woweruza kapena loya. Pansi pa lamulo limenelo anasunga ku Damon gogo wina wa zaka 82 wa matenda oiwalaiwala, kwa milungu ingapo. Womenya nkhondo ameneyo, achemwali, agogo osadziwa ngakhale kumene ali.

Pali zina zimene mwamuna sangazimve msanga koma inu ndi ine tikuzidziwa. Mu Febuluwale 2024 akatswiri a United Nations, pakati pawo Reem Alsalem ndi Francesca Albanese, anatulutsa chikalata chonena kuti alandira madandaulo odalirika: amayi kumanidwa mapadi ali kumwezi, kumanidwa mankhwala ndi chakudya, kumenyedwa, kuvulidwa zovala zonse n'kufufuzidwa ndi asilikali aamuna, kujambulidwa ali m'manyazi zithunzi n'kuikidwa pa intaneti. Anati amayi osachepera awiri akuti anagwiriridwa, ndipo ena anaopsezedwa kuti achitidwa zomwezo. Boma la Israel linakana zonsezi, ndipo akuluakulu a ndende amanena kuti amatsata malamulo. Koma si anthu akunja okha amene akunena. Bungwe la B'Tselem, la anthu a ku Israel komweko, linatulutsa lipoti mu Ogasiti 2024 lokhala ndi umboni wa anthu 55 otuluka m'ndende, amuna ndi akazi, ndipo nkhani zawo zikufanana ngakhale anasungidwa malo osiyanasiyana. Ngati zonsezi ndi zabodza, njira yozitsutsira ndi yapafupi: atsegule chitseko a Red Cross alowe.

Tangoganizani mayi wachisilamu amene chikhalire mwamuna wachilendo sanaonepo tsitsi lake, alandidwe mpango, aime choncho pamaso pa magadi. Ambiri otuluka akusimba zimenezi. Thupi silitupa, palibe bala loti dokotala alembe, koma amene akuchita zimenezo akudziwa bwino pamene akulasa.

Ndikudziwa chimene chili kumtima kwanu, chifukwa tinakulira m'tchalitchi chimodzi. Kwathu kuno munthu akangotchula Israel timaona Baibulo, ndipo kudzudzula boma lake kumamveka ngati kulimbana ndi Mulungu. Ndiye imvani iyi. Mu Epulo 2024 asilikali anafika m'bandakucha pa nyumba ina ku Birzeit natenga mtsikana wa zaka 23, Layan Nasir. Ndi Mkhristu wa Anglican ngati ife, wa pa tchalitchi cha St Peter's kumeneko. Anamutsekera opanda mlandu. Archbishop wa Canterbury wa nthawi imeneyo, Justin Welby, pamodzi ndi Archbishop Hosam Naoum wa ku Jerusalem analankhula poyera kupempha kuti amasulidwe. Anakhalabe miyezi 8, natuluka mu Disembala. Sindikuti Mkhristu ndi wofunika kuposa Msilamu ayi. Ndikungoti amene akutsekeredwawo ena timadya nawo Mgonero umodzi, ndipo boma la masiku ano la nduna ndi apolisi si aneneri a m'Malemba. Aneneriwo ndiwo anali oyamba kudzudzula mafumu awo pa nkhani ya chilungamo.

A boma la Israel ali ndi yankho lawo, ndipo ndi bwino kulimva. Amati akaulula umboni m'khoti, anthu amene amawatsina khutu adzaphedwa, ndipo kuli bwino kutsekera munthu bomba lisanaphulike kusiyana ndi kudzamuzenga mlandu anthu atafa kale. Malamulo a pankhondo amalolanso kusunga munthu popanda mlandu, koma pokhapokha pali chifukwa chachikulu zedi cha chitetezo, ngati chinthu cha apo ndi apo. Anthu 3,000 si apo ndi apo. Ndipo chimene chinandichotsa chikayiko ndi ichi: mu Novembala 2024 nduna ya zachitetezo, Israel Katz, inalengeza kuti njira imeneyi isiya kugwiritsidwa ntchito pa Ayuda okhala m'midzi yomangidwa ku West Bank, ati si yoyenera kwa iwo. Dera limodzi, phiri limodzi, wina akalakwa apite kukhoti la anthu wamba ndi loya wake, mnzake wa tsidya lina la msewu asayiniridwe chikalata. Ndiye kuti iwo eni akudziwa kuti n'chinthu chowawa.

Dziko limene mukukhalalo lilinso ndi dzanja m'nkhaniyi. Muzu wa malamulo amenewa ndi malamulo a nthawi ya chipwirikiti amene Angerezi anakhazikitsa ku Palestine mu 1945, akulamulira kumeneko. Angerezi omwewo pa 3 Malichi 1959 analengeza chimodzimodzi kuno ku Nyasaland, natola anthu opitirira 1,000 opanda mlandu, ena ku Kanjedza, ena mpaka ku Gweru. Mayi Rose Chibambo, amene nkhope yawo ili pa K200, anawatenga atangobereka kumene, nalowa m'ndende ya Zomba ndi khanda m'manja. Ndimadutsa pa mpanda wa ndende imeneyo popita kumsika. Titalandira ufulu sitinalitaye lamulolo, tinalisunga bwinobwino, ndipo ndende za Dzaleka ndi Mikuyu zinadzaza. Mukukumbukira mmene akuluakulu ankanong'onezana munthu akasowa, ena n'kumati chilipo chimene anachita, a boma sangangomutenga? N'chifukwa chake malamulo athu a 1994 analemba kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Kuti timawatsata bwanji ndi nkhani ina, a pa rimandi athu angatiuze, koma amene analemba mzere umenewo ankadziwa chimene ankathawa.

Inu kumeneko muli ndi mwayi umene ine ndilibe. Phungu wa dera lanu amayankha makalata, ndipo boma lake limamvedwa ku Israel kuposa lathu. Mukafuna kumulembera, musachite kulowa m'nkhani ya malire kapena ya mwini dziko, imeneyo yakanika akuluakulu. Mungopempha zinthu ziwiri: a Red Cross aloledwe kuona akaidi, ndipo aliyense wosungidwa auzidwe mlandu wake kapena amasulidwe. Mukakumananso ndi a zionetsero aja, funsani dzina la mayi amene ali pachithunzicho ndi nthawi imene wakhala m'kati, mudzandiuze.

Mayi akupereka moni, akuti mafuta opaka m'mawondo aja athandiza. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Zomba