Malungo akakana kuoneka m'magazi, tizifunsako za mileme

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera pa tsamba lanu ndi anzanga a zaumoyo, komanso ndi makolo amene ana awo amasewera ndi mileme. Ine ndinagwira ntchito mu labotale ya chipatala zaka 27, diso lili pa maikulosikopu, ndipo pano ndinapuma, ndili kwathu kuno ku Mchinji.

Mwezi wathawu, mango atangoyamba kupsa, mileme ikuluikulu ija ya khosi lachikasu inatera m'mitengo ya kuseri kwa mudzi wathu. Anyamata anaikhalira ndi malegeni. Mdzukulu wanga wa zaka 11 anabwera chothamanga, mleme wakufa uli m'manja, nati: "Agogo, taonani akangaude akuyenda mu ubweya wakewu!" Nditavala magalasi ndinawerenga miyendo. Inali isanu ndi umodzi, osati isanu ndi itatu. Sanali akangaude ayi, zinali ntchentche za mileme, zopanda mapiko, zimene moyo wake wonse zimakhala mu ubweya n'kumayamwa magazi. Imodzi inali itakwera kale pa mkono wa mwanayo. Ndinamusambitsa ndi sopo pomwepo, mlemewo tinaukwirira.

Ntchentche zimenezi n'zodabwitsa. Yaikazi siikira mazira ngati ntchentche ya pa dzala. Imalera mphutsi imodzi m'mimba mpaka ikule, kenako imatsika n'kukaimata pa nthambi kapena pa khoma la phanga pamene mileme imagona. Mphutsiyo ikasanduka ntchentche, imakwera mleme uliwonse umene uli pafupi. Choncho magazi a mleme uwu amakumana ndi a mleme uwo kudzera pa kamwa ya ntchentche, monga udzudzu umachitira ndi ife.

M'magazi amenewo mumapezeka mabakiteriya a banja lotchedwa Bartonella. Dzinali linachokera kwa dokotala wa ku Peru, Alberto Barton. Banjali madokotala amalidziwa kale. Mtundu wake wina, umene umayenda ndi nsabwe, unagoneka asilikali ambirimbiri m'maenje pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Wina umayenda ndi nthata za amphaka, ndipo munthu amautenga mphaka akamukanda. Chimene chinadzidzimutsa akatswiri n'chakuti atayamba kuyeza mileme, monga ya ku Kenya cha mu 2010, anapeza kuti Bartonella wa m'mileme ndi wa mitundumitundu. Pa maikulosikopu tizilombo tonseti timangooneka timitengo ting'onoting'ono tofanana. Koma akawerenga DNA yake, imene imasunga chibadwa cha chamoyo chilichonse, amapeza mafuko osiyana kutalitali. Mu mleme wa khosi lachikasu wokhawu anapezamo mafuko osachepera asanu ndi limodzi, ndipo mleme umodzi ukhoza kunyamula angapo nthawi imodzi.

Wina anena kuti nanga ife zikutikhudza chiyani, poti tizilomboto tili mwa mileme. Ambiri a mafuko amenewa n'kutheka kuti sadzatigwira n'komwe. Koma ena anadumpha kale. Ku America kunapezeka munthu wodwala matenda a m'kati mwa mtima, ndipo mu 2010 madokotala analengeza kuti woyambitsa anali Bartonella wachilendo. Patapita zaka zinayi, mu 2014, mtundu womwewo unapezeka mu mileme ya ku Finland. Ku Idanre, m'dziko la Nigeria, amuna amalowa m'mapanga pa mwambo wawo kukagwira mileme ndi manja. Ofufuza anapeza Bartonella wina watsopano mu mileme ya kumeneko ndi mu ntchentche zake, ndipo pa anthu 204 amene anawayeza, anthu 8 magazi awo anaonetsa kuti thupi lawo linalimbanapo ndi kachilomboko. Lipotilo linatuluka mu 2018. Mu 2020 akatswiri a University of Zambia ndi a Hokkaido University ya ku Japan anaupezanso mtundu womwewo mu mileme ya ku Zambia. Apa ndiye pakhomo penipeni, chifukwa kuchokera pano kukafika ku Chipata ndi ulendo wa m'mawa umodzi.

Koma nkhani imene inandigwira mtima kwambiri ndi ya nkhufi. Achinyamata ambiri lero sazidziwa, koma a msinkhu wanga akukumbukira nkhufi za m'ming'alu ya nyumba za dothi, zoluma usiku n'kubwerera kukabisala. Zimafalitsa bakiteriya wotchedwa Borrelia, amene amatenthetsa thupi masiku angapo, n'kusiya, munthu n'kumati ndachira, kenako n'kubweranso. Mileme ya m'mapanga ilinso ndi nkhufi zake. Ku Zambia munthu wina analumidwa ndi nkhufi yoteroyo m'phanga lina la kufupi ndi Lusaka, ndipo thupi linatentha. M'magazi mwake anapezamo Borrelia amene sankadziwika, n'kumutcha Borrelia fainii. Atabwerera kuphangako anamupezanso mu nkhufizo ndi mu mileme. Powerenga DNA anaona kuti abale ake apafupi ndi mitundu ya ku America, osati ya m'nyumba zathu za dothi ija. Izi zinalengezedwa mu 2019. Munthuyo anali ndi mwayi kuti anadwalira pamene panali anthu odziwa kufufuza.

Apa ndi pamene pali dandaulo langa, akonzi. M'masiku athu, wodwala akabwera thupi likutentha, tinkapaka dontho la magazi pa galasi, kulinyika mu utoto wa mu labotale wotchedwa Giemsa, n'kuyang'ana. Tinkafuna malungo, inde, koma diso limaona chilichonse chili pamenepo. Borrelia amaoneka ngati kaulusi kopotoka pakati pa maselo, makamaka ukatenga magazi thupi lili pa moto. Ine ndinakaonapo kawiri kokha, koma odwala awiriwo akanabwerera kwawo ndi mankhwala a malungo chikhala kuti sitinayang'ane. Kuyambira 2011 dziko lathu linafalitsa tizipangizo toyezera malungo mwamsanga tija, ndipo sindikutinyoza. Tathandiza kwambiri, makamaka kumene kulibe magetsi ndi labotale. Koma kachipangizoko kamayankha funso limodzi basi: malungo alipo kapena palibe. Kakati palibe, wodwala amapatsidwa panado, n'kumauzidwa kuti abwerenso zikapitirira. Akabwera kachiwiri, kachitatu, abale amayamba kunong'onezana za kulodzedwa.

Pempho langa kwa akilinikala ndi anamwino ndi lotsika mtengo. Munthu akamabwerabwera thupi likutentha koma malungo osaoneka, mufunseni: "Kodi munalowapo m'phanga? Munakumbako zitosi za mileme zothira m'munda? Munagwirapo kapena kusenda mleme? Kudenga kwanu kuli mileme? Chinakulumanipo china chake usiku?" Akavomera, tumizani magazi kumene kuli maikulosikopu, ndipo lembani pa pepala zimene mukukayika kuti woyang'anayo asangofuna malungo okha. Bartonella ndi wovuta kumuona motere, amafuna makina owerenga DNA, koma Borrelia amagwidwa ndi diso, ndipo mankhwala ake, monga doxycycline, zipatala zathu zimawadziwa. Aphunzitsi a m'makoleji a zaumoyo nawonso asalole kuti luso loyang'ana galasi life.

Kumudzi kwathu akuluakulu ena atamva ndikufotokoza izi anati ndiye tingodula mitengoyo, mileme tiiphe yonse. Ndinawakaniza, ndipo ndikukanizanso pano. Ku mgodi wa Kitaka ku Uganda, anthu ogwira ntchito anadwala Marburg mu 2007, ndipo chaka chotsatira anapulula mileme ya m'mgodimo. Marburg ndi vairasi, osati bakiteriya, koma zimene zinatsatira n'zofunika kuzimva. Mileme ina inabwera kudzakhalamo, ndipo gawo la imene inali ndi kachilomboko linakwera kuposa kawiri. Mu 2012 matendawo anabuka ku Ibanda, pafupi pomwepo. Ndinaonanso ndekha pa mkono wa mdzukulu wanga kuti mleme ukafa, zoyamwa magazi zake sizifa nawo. Zimatsika kukafuna thupi lina lofunda, ndipo lapafupi ndi la amene waupha.

Komanso mileme yachikasuyi ndi imene imatibzalira nkhalango. Chaka chilichonse, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, mamiliyoni ake amasonkhana ku Kasanka ku Zambia kukadya masuku ndi zipatso zina, n'kumamwaza njere kutali kumene munthu sakanafika ndi khasu. Umodzi umene anaumangirira kachipangizo unauluka makilomita oposa 2,000. Ing'onoing'ono ya m'madenga ija imadya tizilombo touluka usiku wonse. Pa Malawi pano tili ndi mitundu ya mileme yoposa 60, ndipo ndikulakalaka ophunzira a ku LUANAR ndi ku KUHeS atayamba kutola ntchentche ndi nkhufi zake n'kumawerenga zimene zanyamula, monga achitira anzathu a ku Lusaka.

Kwa makolo anzanga ndingoti: mwana asagwire mleme ndi manja, wamoyo kapena wakufa. Wakufa muutole ndi fosholo, muukwirire. Ukamuluma kapena kumukanda, tsukani bala ndi madzi ambiri ndi sopo, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mileme ina imanyamula tizilombo ta gulu la chiwewe. Posesa zitosi zake kudenga, yambani mwazinyowetsa, muphimbe mphuno ndi pakamwa. Mdzukulu wanga tamuyang'anira masabata anayi tsopano, thupi silinatenthe. Legeni yake ndinamubwezera dzulo atalonjeza kuti mitengo ya kuseri ija sapitakonso.

Ine wanu,
Wa mu labotale wopuma pa ntchito,
Mchinji