Mawu akuti "akapume" anawagoneka amayi anga masabata atatu

Akonzi,

Ndikulemba mtima ukuwawa chifukwa cha liwu limodzi lokha limene tinauzidwa tsiku limene amayi anga, a zaka 76, ankatuluka m'chipatala. Anagonekedwa masiku 11 ndi chibayo. Potuluka anatipatsa kapepala ka mankhwala ndi tsiku lodzabweranso. Nditafunsa kuti tikawasamalire bwanji kunyumba, yankho linabwera woyankhayo maso ali kale pa wodwala wina: "Akapume." Basi. Munthu wagona masiku 11 osaponda pansi, ndiye malangizo onse n'kukhala akuti akagonenso?

Ife tinamvera, poti wachipatala amamutsutsa ndani? Tinawayalira bwinobwino, chilichonse n'kumawapititsira pabedi pomwepo. Akati adzuke akatenge chofunda, wina ankathamanga kuti, "Khalani amayi, ndikupatsirani." Tinkayesa chikondi. Pofika sabata yachitatu, amayi amene kale ankadzuka tonse tili mtulo sankatha kunyamuka pampando popanda kukoleka dzanja paphewa la munthu. Miyendo inkanjenjemera ngati ya mwana wongoyamba kuima.

Koma chimene chinandiswa mtima si miyendo ayi. Anasiya kucheza. Wailesi imene sinkazima inangokhala zii. Mdzukulu wawo akalowa, iwo ankatembenukira kukhoma. Tsiku lina ndinawapeza misozi ili mbwembwembwe, ndipo nditafunsa pamene pakuwawa anati, "Palibe, mwananga. Ndangosanduka katundu."

Chimene chikundikwiyitsa n'chakuti zimenezi madokotala akuzidziwa kalekale. Mu 2007, magazini ya madokotala ya JAMA inasindikiza kafukufuku wa okalamba athanzi, osadwala n'komwe, amene anawagoneka pabedi masiku 10. Minofu ya m'miyendo mwawo inatsika ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Amenewotu anali abwinobwino, nanga kuli bwanji wodwala chibayo amene sakudya mokwanira? Mu 2013, Dr Harlan Krumholz wa ku yunivesite ya Yale analemba m'magazini ina ya madokotala ya New England Journal of Medicine kuti masiku 30 oyambirira munthu akatuluka m'chipatala ndi oopsa paokha, chifukwa thupi limakhala litafooka ndi kusowa tulo, kusadya bwino ndiponso kugona osayenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2020 kuti a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo masiku atatu pa sabata azichita zowathandiza kuima nji kuti asamagwe. Linanenanso kuti amene sangakwanitse ayambe pang'onopang'ono, ndiponso kuti kuyendetsa thupi kumachepetsa nkhawa ndi kukhumudwa. Zonsezi zinalembedwa. Nanga zimathera kuti, pamene wodwazika akuima pakhomo la wodi ndi thumba la mankhwala m'manja?

Ndikudziwa kuti anamwino ndi ochepa ndipo amatopa, sindikuwanyoza. Koma kunena kuti "muziwayendetsa pang'ono m'mawa ndi madzulo" kumatenga nthawi yofanana ndi kupereka kapepala kaja.

Ndipo vutoli silili m'chipatala mokha. Wokalamba akangoti phee, tonse timathamangira kunena kuti ndi ukalamba. Akasiya kudya, ukalamba. Akamalira usiku, ukalamba. Wachinyamata atachita zomwezo tingathamange naye kwa dokotala, koma agogo timangowafunditsa. Mu 2023, WHO yomweyo inati pafupifupi anthu 14 pa 100 alionse a zaka 60 kupita m'tsogolo ali ndi vuto la maganizo, ndipo ambiri mwa mavutowa ndi kukhumudwa ndi nkhawa. Amenewa ndi matenda, ndipo amachizika. Chimachitika n'chakuti munthu akafooka amaopa kugwa, akaopa kugwa sadzuka, akapanda kudzuka amafookeratu, ndiye satulukanso panja, saonananso ndi anzake, mpaka amayamba kudziona ngati mtolo kwa ana ake. Ine ndinaziona zikuchitika m'nyumba mwanga, tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkathandizira ndi manja anga chifukwa chomvera liwu lija.

Chimene chinatipulumutsa ndi mwayi chabe. Tsiku lobwereranso kuchipatala, wa mafizo wina, wachipatala wothandiza odwala kulimbitsa thupi, anationa tikuwanyamula amayi m'khwapa pochoka pa benchi, n'kutiimitsa. Anatenga mpando, anautsamiritsa kukhoma, n'kuwauza kuti, "Amayi, imirirani nokha, ine ndili pompano." Anayesa kawiri osatheka, kachitatu anaima. Anatiuza kuti azichita zimenezo kasanu m'mawa, kasanu madzulo, aziyenda kukafika pakhomo n'kubwerera, ndipo tisiye kuwachitira zimene angathe okha. Anatichenjezanso kuti akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena kubanika, aleke ndipo tibwere nawo. Zonsezi sizinathe mphindi 10. Patapita masabata awiri anayamba kufika panja okha, ndipo m'mawa wina ndinadzidzimuka nditamva wailesi ikulira kuchipinda kwawo. Sanabwerere mwakale kwenikweni, masitepe amawaopabe, ndipo ndimadzifunsa kuti zikanakhala bwanji tikanauzidwa zimenezi tsiku loyamba.

Kodi wokalamba aliyense azidalira kukumana ndi wa mafizo pa benchi mwamwayi? Akuluakulu oyendetsa zipatala, pempho langa ndi laling'ono. Wodwala aliyense wachikulire asatuluke wodwazika wake asanasonyezedwe, ndi maso, zinthu ziwiri kapena zitatu zoti azikachita kunyumba, zogwirizana ndi matenda ake, pakuti wa mtima ndi wa opaleshoni sangachite zofanana. Zilembedwe kuseri kwa kapepala ka mankhwala komweko, ndi zithunzi zothandiza amene satha kuwerenga. Ndipo tsiku lobweranso, musanayeze magazi, mufunseni wodwalayo ngati akuyenda, ngati akugona tulo, ndiponso ngati akuchezabe ndi anthu.

Mwana wa mayi wodwala