Ndayamba kusambira, Naphiri

Area 25, Lilongwe

Naphiri mnzanga,

Kalata yako anabwera nayo alamu ako Lachiwiri, pamodzi ndi mafuta odzola aja. Zikomo. Koma nsapato wandigulira zazing'ono. Zaka zinayi zokha ku Johannesburg, waiwala kale phazi la mnzako amene unkabwerekana naye nsapato pa ukwati uliwonse? Zapita kwa Nabanda, akuti ndikuthokozere.

Wafunsa ngati zimene wamva kwa Nambewe n'zoona, zoti ndikumapita kosambira Loweruka lililonse. N'zoona. Seka kaye umalize, iwe amene unkawoloka Lingadzi utatseka maso, utandikakamira mkono mpaka kundisiyira zikhadabo.

Sindinakuuze za pa Khirisimasi chifukwa pa foni sindikanatha. Tinapita ku Senga Bay ndi amayi a kwaya. Mzime wanga anali pa chubu, pafupi pomwepa, ine ndikusenda mango pamchenga. Nditadzutsa mutu ndinaona chubu chikuyandama chokha. Kamutu kake kanatuluka kamodzi, kukamwa kuli yasa, koma mawu osamveka. Naphiri, munthu akamamira sakuwa ayi, amangokhala zii. Ndinathamanga mpaka madzi kundilekeza m'mawondo, miyendo n'kuuma pomwepo. Mwana wanga wobereka ndekha ali apo, ine ndangoima, kukuwa basi. Anamuvuula ndi kamnyamata ka asodzi, ka msinkhu wa sitandade 6. Anasanza madzi, analira, madzulo ake anadya chambo bwinobwino. Amene sanachire ndine. Mwezi wonse wa Januwale ndinkadzidzimuka usiku, mawondo akuzizira.

Ndiye mu Febuluwale ndinakalembetsa. Tinayamba tilipo asanu ndi awiri, akuluakulu okhaokha, pa dziwe la pa loji ina. Ana timawapititsa nthawi yawo. Pa tsiku loyamba mphunzitsi anatifunsa chimene chatibweretsa, ndipo palibe anati ndimangokonda madzi. Bambo wina wopuma pa ntchito anati adokotala anamuuza kuti achepetse thupi chifukwa cha shuga ndi BP, koma akayenda mtunda mawondo amatupa, pamene m'madzi thupi limapepuka. Mayi wina ndi wa ku Nkhotakota, anakulira m'mbali mwa nyanja penipeni, koma akuti iye ankangotsuka mbale ndi kuchapa m'mphepete, alongo ake ndiwo ankapita kwakuya. Wina anali ku Chilobwe pamene namondwe Freddy anagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi 2023. Ameneyo sananene zambiri. Anangoti mvula ikamagwa padenga sagona, ndipo akufuna tsiku lina adzalowe m'madzi mwa kufuna kwake. Tonse tinawerama.

Ndimaganiza za amayi athu. Ukukumbuka mmene ankatiopsezera? Kumtsinje kuli ng'ona, kudambo kuli likodzo, m'madzi mulibe pogwira. Sankanama, ankatiteteza ndi zimene anali nazo. Koma mantha aja ndinawasunga zaka 44, ndipo ndinali nditayamba kale kuwapatsira ana anga. Madzi atasefukira ku Mtandire mu 2017 tinkangonena kuti Mulungu atithandize, osaganiza kuti mvula yomweyo imagwanso kwathu kuno.

Masabata atatu oyamba sitinasambire n'komwe. Kugwira khoma, kumiza nkhope, kutulutsa mpweya m'mphuno kuti pachite thovu, kudzuka, kupuma, kubwereza. Mphunzitsi amati chimamiza munthu ndi kulimbana ndi madzi: ukadzutsa mutu miyendo imapita pansi, ukagoneka mutu m'chifuwa muli mpweya, madzi amakunyamula okha. Sindinakhulupirire mpaka tsiku limene anandigoneka chagada, dzanja lake lili pamsana panga. Makutu analowa m'madzi, phokoso lonse linatha, ndinkangoona akhwangwala awiri akudutsa kumwamba. Nditacheuka, mphunzitsi anali ataima patali manja atapinda. Ndinalira, Naphiri. Panopa ndimadutsa m'mimba mwa dziwe osaponda pansi. Ndikulakalaka tsiku lina kukasambira m'dziwe lalikulu lija la ku Kamuzu Institute, limene anamangira masewero a Region 5, a achinyamata a mayiko a kummwera kwa Africa, a mu 2022. Mzime wangayo ndiye wayamba kutchula za Tayamika Chang'anamuno, mtsikana wathu amene anakasambira ku Olimpiki ya ku Paris mu 2024.

Tsono vuto ndi tsitsi. Usaseke, nkhaniyi yandisowetsa mtendere. Chipewa cha mphira chimene ndinagula m'tauni sichikwana ndikaluka meshi, chachiwiri chinang'ambika ndikuchikoka. Klorini amaumitsa tsitsi ngati udzu wa mu Okutobala, patsogolopa layamba kuthothoka. Meshi yomanga Lachisanu, pofika Lamlungu yayamba kununkha chinyezi. Woluka akundiuza kuti ndisankhe chimodzi. Abambo akunyumba akuti ndingometa, koma ukwati wa mwana wa achimwene uli mu Ogasiti, ndikaime kutsogolo ndi mpala? Akuti kumeneko kuli zipewa zikuluzikulu zopangira anthu a tsitsi loluka. Undifunire ziwiri, ndi magalasi a m'madzi, maso akumafiira. Mutu wanga ukuudziwa, usachite za nsapato zija. Ndiponso chisanu chayamba, Juni uno madzi akumabaya m'mafupa, awiri asiya kale. Minibasi nayo yakweranso.

Amalume a ku Mponela tinaika mwezi watha, ndikhulupirira uthenga unakupeza. Mtsikana wamkulu akukonzekera mayeso a Fomu 4.

Kutchalitchi ena ayamba kunong'ona kuti mayi wamkulu akuvula pagulu, chonsecho ndimavala taiti ndi malaya, chitenje ndimachimasulira pamakwerero penipeni. Nambewe ndiye ndikufuna ndimukoke abwere adzaone yekha, chifukwa zimene anandiuza pa zovala zija, iii, pepala latha, ndipo alamu ako akuti basi yawo ndi ya m'mamawa. Zipewa ziwiri, usaiwale.

Ndine mnzako,
Nangondo