Mbiri ya a Kinnah Phiri ilembedwe eni ake akadali moyo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa tsamba lanu kuti achinyamata ambiri okonda mpira wamiyendo amawadziwa a Kinnah Phiri ngati mphunzitsi wa Flames amene anachotsedwa ntchito mu 2013, koma sadziwa kuti bambowa anali ndani asanakhale pa benchi.

M'zaka za m'ma 1970, pamene Bullets inkatchedwa Bata Bullets, a Kinnah ndiwo ankasowetsa tulo otchinga kumbuyo. Anagoletsera timu ya dziko lino zigoli 71, ndipo mpaka lero palibe wosewera wa Flames amene wafikapo pamenepo. Anali m'gulu lomwe linatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 pogonjetsa Zambia 3-2 kuno kwathu, n'kukachitchinjirizanso ku Kenya chaka chotsatira. Akuluakulu amene ankamvera masewerowa pa wailesi amasimbabe ngati zachitika dzulo.

Anthu amakonda kunena kuti katswiri wa pabwalo sakhala mphunzitsi wabwino, chifukwa zimene iye ankachita mosavuta amalephera kuzifotokozera ena. Ine ndimaona kuti a Kinnah anatsutsa maganizo amenewa, ndipo chinawathandiza n'chakuti sanathamangire udindo waukulu. Anayamba asewera ndi kuphunzitsa ku Swaziland, ku timu ya Manzini Wanderers, kutali ndi chitamando cha kwawo. Atabwerera, anafikitsa Bullets, yomwe panthawiyo inkatchedwa Bakili Bullets, m'ndime ya magulu ya CAF Champions League mu 2004, chinthu chomwe makalabu athu akhala akuchilakalaka kuyambira pamenepo. Anakaphunzitsanso Free State Stars ku South Africa.

Atapatsidwa Flames mu 2008, ambiri tinalibe chiyembekezo, pakuti dziko lino linali litapita ku mpikisano wa Africa Cup of Nations kamodzi kokha, mu 1984. Chaka chomwecho cha 2008 tinaona Egypt, amene anali akatswiri a Africa, akugwa 1-0 ku Blantyre ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya chakumapeto kwenikweni. Kenaka kunabwera tsiku la 11 Januwale 2010 ku Luanda, pa mpikisano wa Africa Cup of Nations, pamene Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda anagoletsa ndipo tinakwapula Algeria 3-0, timu yomwe inali itapeza kale malo ku World Cup ya chaka chimenecho. N'zoona kuti Angola ndi Mali anatigonjetsa pambuyo pake, ndiponso kuti zaka zomaliza za a Kinnah pa udindowo zotsatira sizinkasangalatsa, mwina chifukwa chokakamira osewera omwewo nthawi yaitali. Zimenezonso ziyenera kulembedwa mosabisa.

Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti m'badwo umenewu ukutha. A Jack Chamangwana, amene anasewera nawo ndi kugwira nawo ntchito ku Flames, anatisiya mu 2018, ndipo zambiri zimene ankadziwa anapita nazo. Ndikupempha kuti mutume mtolankhani wanu wa zamasewero akakhale pansi ndi a Kinnah, osati kwa mphindi zochepa pa foni, koma kwa masiku angapo, awafunse mmene ankakonzekera masewero, chimene chinawapititsa ku Swaziland, ndi zomwe anawauza anyamata aja m'chipinda chovalira asanalowe m'bwalo kukakumana ndi Algeria.

Wowerenga wanu wokonda mpira