Seva ikakana kudzuka, musathamangire kufufuta

A Mkonzi,

Zimandiwawa kuona anthu akufufuta VPS (seva yobwereka ya pa intaneti) yonse ikakana kudzuka, chonsecho mafayilo akadali momwemo. Yatsani kaye rescue mode. Mu rescue mode, yomwe ndi njira yopulumutsira seva, sevayo imadzukira pa Linux yongobwereka, disiki yanu ili pambali yosalumikizidwa, n'chifukwa chake ambiri amayesa kuti zonse zapita.

Lowani ndi SSH (njira yolowera mu seva muli kutali), mulembe lsblk (lamulo loonetsa madisiki onse), muzindikire patishoni (chigawo cha disiki) yanu poona kukula kwake. Ikakhala sdb1, lembani mount -o ro /dev/sdb1 /mnt. Ka ro kameneko kamaletsa kulembapo chilichonse mwangozi. Ngati disikiyo ili pa LVM (njira ina yogawira disiki), yambani ndi vgchange -ay musanalembe mount.

Koperani /mnt/home, /mnt/etc ndi /mnt/var/www kupita kwina ndi rsync (pulogalamu yokopera mafayilo) musanakonze kalikonse. Za fsck (pulogalamu yofufuza ndi kukonza zolakwika pa disiki) zibwere pambuyo, mutachotsa disikiyo ndi umount, chifukwa pa disiki yolumikizidwa fsck imatha kuwonongeratu mafayilo omwe mukufuna kupulumutsawo.

Ndine wowerenga wanu