Lipoti la nthumwi: zomwe ndinakaona ku khoma la Hadrian

Wapampando, a komiti ndi makolo anzanga,

Munandituma kuti ndikakhale maso ndi makutu anu pamsonkhano wa masiku awiri wa magulu ophunzitsa ana Loweruka, womwe unachitikira kumpoto kwa England pafupi ndi khoma la Hadrian. Ndapita, ndabwerako bwino. Malisiti a sitima ndi a malo ogona ali kale m'manja mwa msungichuma, pamodzi ndi chenje. Funso lomwe munandisenzetsa linali loti kodi n'koyenera kutengera ana athu kumeneko nyengo yotentha ikubwerayi. Yankho langa ndi inde, koma chifukwa chake si chomwe ndinkaganiza ponyamuka.

M'mawa wa tsiku loyamba unathera m'malonje ndi tiyi, za izo ndisakutayireni nthawi. Masana anatitengera ku Housesteads, linga la asilikali lomwe lili pamwamba pa chitunda. Khomalo anayamba kulimanga m'chaka cha 122 AD polamulidwa ndi Hadrian, mfumu ya Aroma, ndipo linali lotalika makilomita pafupifupi 117, kuchokera ku Wallsend mpaka ku Bowness-on-Solway. Kunena mosapsatira, khoma lenilenilo silinandigwire mtima. Ndi miyala, nkhosa ndi mphepo yolasa m'mafupa. Pomwe nthumwi zonse zinaunjikana n'kuiwala kuzizira panali pachimbudzi.

Anachimanga pakona ya kumunsi kwa linga, kuti madzi azitsikirako okha. N'chipinda chimodzi chachitali. Mipando yamatabwa inali m'mbali ziwiri, pansi pake ngalande yakuya, ndipo madzi a mvula osungidwa m'matanki amiyala ndiwo ankakokolola zoipa kutulutsa kunja kwa linga. Kutsogolo kwa mapazi kuli kangalande kena kakang'ono, kakuonekabe mpaka lero. Zotchinga panalibe. Asilikali ankakhala bondo kubondo n'kumacheza. Mayi wina anafunsa za siponji ya pakamtengo yomwe ana amaimva kusukulu, wotiyendetsa anati akatswiri sagwirizana ngati inali yodzipukutira kapena yotsukira chimbudzicho. Anatichenjezanso kuti tisawatame mopitirira: ofufuza apeza kuti njoka za m'mimba sizinachepe m'nthawi ya Aroma ngakhale anali ndi zimbudzi ndi mabafa, chifukwa za m'chimbudzi zomwezo ankathira m'minda, ndipo madzi osambamo ankakhalitsa osasinthidwa. Ngalande anaidziwa, tizilombo ayi.

M'nyumba ya mkulu wa asilikali tinaona timizati tamiyala tomwe tinkanyamula pansi pa chipinda. Moto unkasonkhedwa kumbali, mpweya wotentha n'kumadutsa pansi pa mapazi, monga zikuchitikira m'nyumba zina zatsopano kuno. Ndinakumbukira bilu yanga ya gasi, mtima unawawa pang'ono. Kenako ndinafunsa kuti ankasonkha motowo ndani. Kapolo. Ndipo kufundako kunali kwa banja la bwana, pomwe asilikali wamba ankagona asanu ndi atatu m'chipinda.

Tsiku lachiwiri, ku Vindolanda, linga lina la Aroma pafupi ndi khomalo, ndi lomwe lakwanira ndalama zanu.

M'chaka cha 1973, katswiri wofukula zakale Robin Birley akufukula pamalopo anapeza timatabwa topyapyala, tokula ngati positikhadi, tolembedwa ndi inki. Tinasungika chifukwa dothi lake ndi lonyowa ndiponso lopanda mpweya, moti ngakhale nsapato zachikopa zatuluka m'menemo zikwizikwi, zina za ana aang'ono. Ndinaima nthawi yaitali pagalasi la kansapato kena, kosakwana chikhato changa. Timatabwato tikangoona mpweya zilembo zimazimirira, ndiye amawerenga pojambula ndi makamera apadera. Tambiri tinalembedwa cha m'ma 100 AD, khoma lisanamangidwe. Tochuluka tili ku British Museum ku London, koma tina amationetsa pomwepo.

Tamvani zomwe ankalemberana. Wina akuuza msilikali kuti wamutumizira masokosi, masandasi mapeya awiri ndi makabudula awiri amkati. Holo yonse inaseka, koma ine ndinaona katundu yemwe timapakira wachibale akamapita kumudzi, kapena ufa ndi usipa zomwe amatibweretsera. Wina, dzina lake Masclus, akufunsa bwana wake Flavius Cerialis malangizo a ntchito ya mawa mwaulemu wonse, kumapeto n'kuwonjezera kuti anyamata mowa watha, chonde lamulani utumizidwe. Ndani mwa ife sanalandirepo uthenga wa pa WhatsApp woyamba ndi moni wautali, nkhani yeniyeni ili kumchira?

Yomwe inandiseketsa mpaka misozi ndi ya Octavius, wageni. Akulembera Candidus kuti wagula tirigu wambiri, wapereka kale ndalama zachikole pafupifupi madinari 300 (ndalama za Aroma), ndipo akapanda kumutumizira osachepera 500 ataya chikolecho n'kuchita manyazi. Akutinso zikopa zake zili ku Cataractonium, komwe lero ndi Catterick, koma sanapite kukatenga poopa kupweteka ziweto chifukwa misewu yaipa. Aroma omwewa otchuka ndi misewu! Nawonso matope ankawaimitsa geni.

Pali kalata ya Claudia Severa yoitanira mnzake Sulpicia Lepidina, mkazi wa Cerialis uja, kuphwando lokumbukira tsiku lake lobadwa pa 11 Sepitembala. Mbali yaikulu analemba ndi mlembi, koma mawu otsanzikira analemba yekha ndi dzanja lake, akumutcha mchemwali. Amati ndi chimodzi mwa zolemba zakale kwambiri za Chilatini zochokera m'dzanja la mkazi. Azimayi awiri, amuna awo ali pantchito kudziko lachilendo, akusowana.

Ngakhale kaundula wa ogwira ntchito alipo. Gulu lina linali ndi amuna 752, koma 456 anali atatumidwa kwina, wina mpaka ku London. Mwa 296 otsalawo, 15 ankadwala, 6 anali ovulala, 10 anali ndi nthenda ya maso. Anzathu ogwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, rota yoperewera anthu sinayambe ndi inu.

Apa mpomwe ndinasinthira maganizo. Ife tikamati Aroma timaona azungu a ku Italy ovala zisoti. Koma olemba makalatawa ambiri anali Abatavi ndi Atungri, ochokera komwe lero ndi Netherlands ndi Belgium, anthu obwera kudzagwira ntchito, olemba m'chiyankhulo cha boma chomwe sichinali cha makolo awo. Pambuyo pake ku Burgh by Sands, linga lina la pakhomalo, kunakhala gulu la asilikali ochokera kumpoto kwa Africa. Mfumu Septimius Severus, yomwe inamwalirira ku York m'chaka cha 211, inabadwira ku Leptis Magna, m'dziko lomwe lero ndi Libya. Sindikuti tiuze ana kuti amenewa anali abale athu, Libya ndi kwathu n'kutali. Koma mwana yemwe amafunsidwa kusukulu kuti iwe kwanu n'kuti ayenera kudziwa kuti chilumba chino chakhala ndi obwera kuyambira kalekale. Ndipo obwerawo sanali angelo: kalata ina imatcha eni dziko dzina lonyoza, ngati kuti tiabritishi.

Wophunzitsa wina anationetsa chithunzi cha mwala wapamanda wa ku South Shields, komwe sitinafike. Barates, wa ku Palmyra ku Syria, anauimikira mkazi wake Regina, mbadwa ya kuno, yemwe anamwalira ali ndi zaka 30. Regina poyamba anali kapolo wake, anamumasula n'kumukwatira, ndipo ana akuluakulu tisawabisire mbali imeneyo. Chomwe ndikufuna muone ndi kalembedwe kake. Pamwamba analemba Chilatini, choti odutsa awerenge. Pansi pake anawonjezera mzere umodzi wa maliro m'zilembo za kwawo ku Palmyra, womwe mwina panalibe ambiri otha kuuwerenga m'tauni monsemo. Ndinakhala chete m'basi pobwerera, ndikuganiza za kalasi yathu ya Chichewa, ndi ana omwe amatiyankha m'Chingelezi tikawafunsa m'chiyankhulo chathu.

Aphunzitsi athu akhoza kuyambira pafupi kwambiri. Mawu oti kalata anatifika kudzera m'Chipwitikizi, carta, kuchokera ku Chilatini, charta. Vinyo chimodzimodzi. Julayi ndi Ogasiti ndi maina a Julius Caesar ndi Augustus. Zilembo zomwe ndikulembera lipotili nazonso ndi zawo.

Tsono pempho langa ku komiti ndi ili. Tipite tsiku limodzi, tiyambire ku Vindolanda mitu ikadali yozizira, ku Housesteads tipiteko ngati nthawi yatsala, chifukwa chitunda chake agogo athu awiri aja sangachikwere. Kuchokera ku Hexham kuli basi yotchedwa AD122 yomwe imaima pamalo onse awiri, koma ndondomeko yake imasintha ndi nyengo, ndiye mlembi aionenso tisanagule matikiti. Mwana aliyense abwere ndi jekete ndi nsapato zosaopa matope, ngakhale kutacha ndi dzuwa. Ine ndinapita ndi nsapato za kutchalitchi, musandifunse momwe zinabwerera.

Loweruka la sabata yotsatira ulendowo, mwana aliyense adzalembe kalata yake ya Chichewa pakatoni kodula kukula ngati timatabwa tija, yopita kwa agogo kapena azakhali kumudzi, yoitanira kuphwando kapena yopempha kanthu. Ine ndidzazijambula n'kuzitumiza pafoni. Ndikufuna makolo awiri odzipereka kuyenda nafe, ndipo kuyambira lero musataye makatoni a phala la m'mawa, muzibwera nawo kukalasi.

Ine nthumwi yanu.